Kabokosi Kotsiriza pa Galasi la Che Saidi

Pali Mulungu kumwambaku, pali manda a amayi anga ku Maganga, pali mano anga anayi otsalawa, ndikulumbira kuti zonse ndikunena panozi ndi zoona zokhazokha. Ndikathirapo mchere ngakhale wa kunsonga ya chala, mphenzi indipeze pompano kunja kuli ngwee. Ine bodza sindilidziwa. Sukulu ndinapitako tsiku limodzi lokha, aphunzitsi anandibweza masana omwewo ati palibe choti angandiphunzitse. Ndiye tcherani khutu mumve za Che Saidi ndi diso la magetsi.

Anali masiku a chipani chimodzi, kutatsala chaka kuti kugwe chilala chachikulu chija. Kunyanja kuno ku Salima kunali kampani ina ya nsomba, dzina lake ndalimeza dala. Inali ndi shedi yaikulu ya malata yosungiramo maukonde ndi injini za maboti, bwalo la mchenga, mpanda wa waya, ndi kanyumba ka mlonda pafupi ndi geti. M'mwezi umodzi wokha injini ziwiri zinamera miyendo. Mkulu wa pamalopo, bwana Fletcher, anakwiya mpaka khosi linatupa ngati la nkhukundembo. Koma amene nkhaniyi inamusowetsa tulo kwambiri anali mlendo wina wa magalasi akuda, wosalembedwa ntchito pakampanipo, amene ankabwera Loweruka lililonse pa galimoto yoyera n'kukhala pa mpando wa bwana Fletcher, eni mpando ataimirira. Iyeyo za nsomba analibe nazo ntchito. Ankafuna kudziwa kuti injini zosowazo zikuwolotsa yani usiku kupita tsidya lija, ndipo pobwerera zikunyamula makalata a yani.

Mlonda wa usiku anali Che Saidi, bambo wamtali, wosalankhulalankhula, wosaphonya swala ku mzikiti. Ntchitoyo anailowa zaka zitatu m'mbuyomo m'malo mwa mnzawo, a Luka. A Luka anali munthu wa nthabwala, wotsimphina mwendo wamanzere chifukwa ng'ona inawalawako ali wamng'ono. Tsiku lina pa bawo anaponya timawu tiwiri titatu tokhudza mtengo wa khadi la chipani. Pa bawopo panali anthu anayi. Che Saidi analipo. Inenso ndinalipo, koma maso ndi makutu anga anali pa masewera. Sabata isanathe galimoto inabwera usiku, ndipo kutacha tinauzidwa kuti a Luka anali chigawenga, athawira kutsidya. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linafera m'kamwa mwa anthu. Ndipo Che Saidi atalowa ntchito ija, anthu anayamba kuwayang'ana cham'mbali. Ankati fisi amene wakhuta ndiye amadziwa kumene mbuzi yalowera.

Lolemba lina madzulo, Che Saidi akufika pantchito ndi botolo lawo la tiyi, anapeza munthu wa tayi ali pamakwerero, akumangirira chinthu chonga njerwa yakuda pamwamba pa mtengo wa bulugamu kutsogolo kwa kanyumba kawo. Mtengo umenewo ndinaunyamula ine ndekha paphewa kuchokera ku msewu, amuna asanu ndi mmodzi atalephera. Wa tayiyo anali mmisiri wa zamagetsi wochokera ku Blantyre, dzina lake Christopher.

“Nanga chimenechi n'chiyani, amisiri?”

“Kamera, madala. Diso losagona.”

“Ndiye ine ndizipita kwathu?”

“Ayi. Inu muzilondera diso, diso lizilondera bwalo.”

M'kanyumba muja anapezamo galasi longa la vidiyo, ndipo pagalasipo panali bwalo lonse, loyera ndi lakuda, laling'ono ngati la nyerere. Pambali panali makina a timabatani, belu pakhoma, ndi bokosi lachitsulo lokhomedwa. Christopher anadina batani, pagalasi paja panatuluka timabokosi khumi ndi tiwiri, tina kumpanda, tina pazitseko za shedi, tina pakati pa bwalo, kamodzi pakhomo pa kanyumbako.

“Makinawa sayang'ana paliponse,” anatero. “Amayang'ana m'timabokosi timeneti. Chinthu chikasuntha m'kamodzi, belu lilira, ndipo tepi iyamba kujambula yokha.”

“Tepiyo ili kuti?”

“M'bokosi lachitsulomu. Kiyi ali ndi bambo a Loweruka aja. Mukazimitsa magetsi ngakhale mphindi imodzi, wotchi ya m'katimo iwauza.”

Che Saidi anangoti, “Eya.” Koma mumtima anati diso ili sanaliikire akuba, aliikira ine, ndipo wa tayiyu ndi kazitape wongobisala m'mawaya. Christopher nayenso ankawayeza mkuluyo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, akumati injini ziwiri sizidumpha mpanda mlonda asakudziwa. Bwana Fletcher analamula kuti mmisiri azigona m'kanyumba momwemo mpaka makina akhazikike. Basi, anthu awiri osakhulupirirana, mpando umodzi ndi mphasa imodzi.

Usiku woyambawo belu linalira maulendo mazana atatu. Ndinkawerenga ndili kwathu. Anthu a ku Chitala anadzuka akuganiza kuti kwayambika tchalitchi chatsopano. Babu la magetsi analimangira pafupi ndi kamera, ndiye tizilombo tonse touluka ta m'boma la Salima tinabwera kudzachita msonkhano pamaso pa diso. Ngii! Nthambi ya mango ikagwedezeka, mthunzi wake kuvina pamchenga. Ngii! Pakona pa chithunzi pankaoneka madzi, ndipo mwera ukuwomba, funde lililonse linali mbala. Ngii! Chapakati pa usiku nalimata anakwera n'kugona pagalasi la kamera, pa kanema paja panatuluka chilombo chodzaza bwalo lonse. Che Saidi anadumphira pawindo chibonga atasiya.

Lachiwiri lonse Christopher anali pamakwerero, thukuta kamukamu. Babu analisamutsira pakati pa bwalo, kutali ndi kamera. Nthambi ya mango anaidula. Kamera anaiweramitsa pang'ono kuti isamaone madzi. Mtengo wa bulugamu anaupaka girizi kuti nalimata aziterereka, ndipo anapukuta ulusi wa kangaude. Kenaka anayamba kuyesa. Anawauza Che Saidi kuti ayende kumpanda, athamange, akwawe ndi mimba, akoke thumba ndi chingwe ngati galu, iye ali m'kati kupotokola kachitsulo kosinthira mphamvu ya diso lija, mpaka makina anaphunzira kunyoza mphaka koma kugwira munthu.

“Lero mugona ngati mwana, madala. Likalira belu limeneli, ndiye kuti ndi munthu.”

Kunadadi bwino. Mwera unaleka. Tizilombo tinapita kukazungulira babu. Pagalasi panali zii, mchenga woyera, zitseko zakuda. Che Saidi anamwa tiyi. Christopher anavula tayi n'kugona pamphasa.

Nthawi itakwana 2 koloko, belu linalira.

Onse awiri anathamangira pagalasi. Kutali, kumpanda wa kunyanja, m'kabokosi ka pakona, munali munthu. Wa chikhothi chachitali ndi chipewa. Ankayenda pang'onopang'ono motsatira waya.

“Mbala! Thamangani, madala!”

Che Saidi anatuluka ndi tochi ndi chibonga. Anafika kumpanda. Anawalitsa uku, anawalitsa uko. Palibe munthu. Waya wosadulidwa. Mchenga umene anausesa madzulo unali ndi mapazi awo okha. Anabwerera akupuma mwawefuwefu, ndipo anapeza Christopher ataima pakona, sipanala ili m'manja.

“Mwamudutsa dala.”

“Ndani?”

“Musandipusitse, madala. Ndakuonani ndi maso angawa. Mwamudutsa phewa ndi phewa. Ndi mbale wanu eti? Mumagawana bwanji?”

“Wallahi, kulibe munthu kumeneko.”

“Nanga uyu ndi mbuzi?”

Che Saidi anayang'ana pagalasi. Munthu uja analipobe, akuyenda. Anasuzumira pawindo. Mpanda wokhawokha. Anayang'ananso pagalasi. Munthu. Pawindo. Mpanda. Christopher nayenso anasuzumira, kawiri, katatu, kenaka sipanala inagwa pansi.

Apo m'pamene Che Saidi anaona kayendedwe. Phazi lamanja linkaponda bwino. Lamanzere linkabwera pambuyo, mokokedwa, ngati likukana ulendo.

“Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire,” anatero chapansipansi.

“Mukumudziwa?”

“Sindikumudziwa.”

Munthu uja atafika kumapeto a mpanda anatuluka m'chithunzi. Belu linaleka. M'bokosi lachitsulo tepi inati khethe, n'kuima.

Kutacha Christopher anati akanena kwa bwana Fletcher. Che Saidi anamugwira dzanja pageti, anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi, n'kuyang'ana mbali zonse ngati munthu woba nkhuku.

“Amisiri, muli ndi ana?”

“Awiri.”

“Ndiye mverani. Munthu mwamuonayo anali mlonda pano ine ndisanalowe. Akuluakulu anati ndi chigawenga, ali kutsidya. Nkhope yake ikaoneka pa tepi Loweruka likubwerali, adzati Saidi amasunga zigawenga pabwalo la kampani. Ine ndipita. Nanga amene wagona nane chipinda chimodzi sabata yonse, adzamusiya?”

“Inu mukundiyesa eti? Akutumani kuti muone chimene ndinene.”

“Ine ndimaganiza kuti wotumidwa ndi inu.”

Anayang'anana nthawi yaitali, aliyense kufuna kuona m'mimba mwa mnzake. Palibe amene anakhulupirira mnzake, koma msampha unali umodzi.

“Dzulo anali kutali,” Christopher anatero pomaliza. “Pa tepi aoneka ngati inu mukuzungulira, ndipo wa tochiyo tidzati ndine. Chofunika n'choti asajambulidwenso. Tepi imayenda belu likalira. Belu limalira kabokosi kakaona. Ndizimitsa timabokosi ta kumpanda, azidziyendera yekha mumdima.”

Anazimitsa tinayi. Kwa bwana Fletcher anati waya wa mpanda umanjenjemera ndi mphepo.

Lachitatu usiku sanagone. Botolo la tiyi linatha 11 koloko isanakwane. 12 koloko inadutsa. 1 koloko inadutsa. Christopher ankangoyang'ana wotchi yake.

Belu linalira.

Kumpanda kunalibe kanthu. Munthu uja anali pazitseko za shedi. Anafika pa loko woyamba, anamugwira, anamukoka kawiri. Anatsimphina kupita pa wachiwiri. Kawiri. Pa wachitatu. Kawiri. Che Saidi anatsegula windo pang'ono. Pabwalo panalibe munthu, koma m'makutu mwawo chitsulo chinkamveka bwinobwino. Gwe, gwe. Kenaka chete. Gwe, gwe.

“Ndi mmene ankachitira,” ananong'ona. “Ankati loko ali ngati mlamu, umamufunsa kawiri.”

Lachinayi Christopher anazimitsa timabokosi ta pashedi. Anakweranso pamakwerero, anapukuta galasi, anasintha waya, anapotokola kachitsulo kaja mpaka makina anafika poti ngakhale ng'ombe itadutsa akanaganiza kaye. Bwana Fletcher anabwera maso ali psuu.

“Iwe, makina akowa ali ndi wotchi ya mfiti? Tsiku lililonse 2 koloko. Mkazi wanga akuti tisamuke.”

“Ndi mileme, bwana. Imabwerera nthawi imeneyo.”

“Mileme yovala wotchi. Loweruka ukawafotokozere wekha eni tepi.”

Usiku umenewo munthu uja anaima pakati pa bwalo, pansi pa babu. Sanayende. Sanakoke loko. Anangoima m'kabokosi, manja m'matumba a chikhothi, chipewa chitaphimba nkhope. Chikhothicho chinkaoneka cholemera, chomatirira m'thupi, ndipo pansi pake mchenga unkada pang'onopang'ono ngati pakudontha madzi. Tizilombo tonse tinachoka pa babu. Belu linalira ola lathunthu osapuma. Litaleka, Che Saidi anapita ndi tochi pamalopo. Mchenga unali wouma, koma pankanunkha matope a pansi pa nyanja, aja amabwera ndi nangula.

Lachisanu atatuluka mu mzikiti, Che Saidi anatsalira n'kulankhula ndi shehe. Dzina sanatchule. Anangoti kuntchito kukubwera chinthu. Shehe anawalembera pepala, analipinda kanayi, anati alikhomere pamwamba pa chitseko ndipo afukize lubani pakhomo, palibe jini lidzaime pamenepo. Che Saidi anabwera nalo atalimanga pamtima.

Anapeza Christopher atagwira mutu.

“Ndayesa kuzimitsa tonse. Makina akukana. Akangotsala opanda kabokosi amalira osaleka. Kamodzi kayenera kukhala koyaka.”

“Siyani ka pakhomo pathu pano.”

“Pansi pa kamera penipeni?”

“Masiku atatu onsewa mwamuonapo akufika pano? Komanso onani ichi.” Anakhomera pepala lija, anafukiza lubani mpaka nalimata anakomoka n'kugwa kudenga. “Apa sipaima kanthu. Ife tikhala m'kati, chitseko chotseka. Belu sililira mpaka kuche.”

Apa ndi pamene anthu awiri anzeru anapusa. Pepalalo linali loletsa majini. A Luka sanali jini. Anali wantchito wa pakampani. Ndipo palibe mmodzi mwa awiriwo anakhala pansi n'kuona kuti pozimitsa timabokosi ta kutali tsiku ndi tsiku, ankachita ngati munthu wotseka makomo onse a khola n'kusiya lolowera kuchipinda kwake.

Kunada. Kunalibe mwezi. Pagalasi panatsala kabokosi kamodzi, m'munsi, pamene pankaoneka chitseko chawo ndi sitepe ya simenti. Anapiringidza chitseko ndi mpando. Che Saidi anatulutsa tasibihi, mikanda yawo yopempherera. Christopher, amene ankati tchalitchi anasiya ali ku sekondale, anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, vesi imodzi yomweyo.

Agalu a m'mudzi anauwa, kenaka analeka onse nthawi imodzi.

Wotchi inakwana 2 koloko. Chete. Mphindi imodzi. Ziwiri. Zisanu. Christopher anatulutsa mpweya, anayamba kumwetulira.

Kenaka anamva mchenga. Phazi kuponda. Lina kukokedwa. Phazi kuponda. Lina kukokedwa. Pagalasi panalibe kanthu. Phokoso linkachokera kumpanda, linadutsa pashedi, linadutsa pansi pa babu. Linkabwera osafulumira.

Belu linalira.

M'kabokosi kaja munalowa chipewa, kenaka mapewa, kenaka msana wonse wa chikhothi. Munthu uja anaima pa sitepe, atafulatira kamera, nkhope kuchitseko. Pakati pa iye ndi iwo panali thabwa limodzi. Pansi pa chitseko panayamba kulowa madzi, ochepa, ozizira, mpaka anakhudza mphasa.

Pagalasi dzanja linakwera. Chogwirira cha chitseko chinagwedezeka. Gwe, gwe.

“Odi.”

Christopher anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri.

“Odi, Saidi.”

Mawu ake anali omwe aja a pa bawo, koma onyowa, ngati a munthu wolankhulira m'ndowa.

“Ndazungulira kumpanda, mwatseka maso. Ndafika pashedi, mwatseka maso. Ndaima poyera, mwatseka maso. Saidi, ukundiona?”

Che Saidi anafuna kukhala chete. Zaka zitatu anakhala chete, ndipo chete ameneyo ndi amene anawasungira ana ndi nyumba. Koma lilime linayenda lokha.

“Ndikukuonani, a Luka.”

“Bwerezanso.”

“A Luka. Ndikukuonani. Koma wallahi, si ine ndinakunenezani.”

Za kunenezazo a Luka sanayankhe, kuvomera kapena kukana.

“Naye mwini tepiyo andione,” anatero.

Ndipo pagalasi munthu uja anatembenuka pang'onopang'ono, anavula chipewa, n'kukweza nkhope kuyang'ana kamera. Babu linamuwalira bwinobwino. Chipsera cha pachibwano. Mpata wa m'mano. Ngakhale mwana wa zaka zisanu wa m'mudzi muno akanamutchula dzina. Anaima choncho osaphethira, belu likulira, tepi ikuzungulira m'bokosi lokhoma, mpaka kumzikiti kunamveka kuitana kwa swala ya m'mamawa. Pamenepo kabokosi kanatsala kopanda kanthu.

Che Saidi sanathawe. Akanathawira kuti? Anapita kunyumba, anasamba, anavala mkanjo wawo woyera, anauza akazi awo pamene pali makiyi ndi pamene munda wa mpunga umathera. Kenaka anabwerera kukampani ngati munthu wopita ku maliro ake omwe.

Linali Loweruka, ndipo galimoto yoyera inafika 9 koloko. Mlendo wa magalasi analowa mu ofesi, anakhala pa mpando wa bwana Fletcher, analamula kuti galasi ndi makina a tepi zibweretsedwe. Anatsegula bokosi ndi kiyi wake. Bwana Fletcher, Christopher ndi Che Saidi anaima kukhoma ngati ana a sukulu.

Tepi inayamba. Tizilombo. Nthambi. Nalimata wamkulu ngati ng'ona. Mlendo anaseka pang'ono ndi mphuno. Kenaka munthu kumpanda.

“Uyu ndi iwe, mlonda?”

“Mwina, bwana.”

Munthu pashedi, akukoka maloko. Mlendo anasiya kugwedeza mwendo. Munthu pansi pa babu. Mlendo anasendeza mpando kutsogolo. Kenaka msana wa chikhothi pakhomo, kutembenuka kuja, chipewa kuvulidwa.

Mlendo anavula magalasi. Aka kanali koyamba anthu kuona maso ake, ndipo anali maso wamba, aang'ono, ofiira m'mbali.

“Uyu ndani?”



“Fletcher! Ndikufunsa. Uyu ndani?”

Bwana Fletcher anagwira ntchito ndi a Luka zaka khumi ndi ziwiri. Anayang'anitsitsa pagalasi, anapendeketsa mutu.

“Pati, bwana? Ine ndikuona chitseko.”

“Iwe mmisiri!”

“Ndi vuto la makina, bwana. Kachitsulo ndinakapotokola kwambiri, ndiye akumalira ndi chinyezi cha m'mawa. Onani, sitepe yokhayokha. Ndikonza lero lomwe.”

“Chinyezi chovala chikhothi? Mlonda, bwera pafupi. Yang'ana bwino. Ukuona chiyani?”

Che Saidi anasendera. Nkhope ya a Luka inali pomwepo, kutalika kwa dzanja limodzi.

“Maso anga akalamba, bwana. Koma ngati inu mukuona munthu, tiuzeni dzina lake, timufunefune. Mwina mukudziwa kumene munamuona komaliza.”

Mlendo anatsegula pakamwa. Milomo inakonzeka kutchula. Koma mawu sanatuluke. Kunena kuti uyu ndi chigawenga cha kutsidya kunafunika munthu wokhulupirira kuti a Luka ali kutsidya, ndipo m'chipindamo, mwa anthu anayi aja, panali mmodzi amene ankadziwa bwino lomwe kuti sali kumeneko.

Pagalasi, maso amene anakhala osaphethira usiku wonse anasuntha. Anachoka pakati, anapita kumanzere pang'ono, pamene panali mpando wa bwana Fletcher. Ndipo belu, limene linatsala pakhoma la kanyumba ka mlonda mawaya ake atazulidwa, linalira.

Mlendo uja anagwetsa mpando. Anasolola tepi, anaikumbatira pachifuwa, anatuluka osatsanzika. Galimoto inanyamuka chitseko chili chotsegula, inagunda geti, ndipo fumbi lake linakhala m'mwamba masiku atatu. Sanabwerenso ku Salima. Che Saidi anadikira Loweruka lotsatira, ndi linalo, ndi linalo, kachikwama ka zovala kali pamutu pa bedi. Palibe anabwera kudzawatenga. Christopher anamasula zinthu zake masana a tsiku lomwe mlendo anathawalo, anakwera basi ya ku Blantyre tayi ili m'thumba, ndipo ndikumva kuti anakathera pa ntchito yokonza mawailesi.

Amayi a kudooko, poyanika usipa, ankanong'onezana kuti zonsezi n'chifukwa choti a Luka sanaliridwe. Panalibe siwa, panalibe nyimbo, mkazi wawo sanamete. Munthu amene sanauzidwe kuti wamwalira amadziwa bwanji kuti waweruka? Ena ankati ayi, ankangofuna mboni ya galasi, poti mboni za maso zonse zinali zitagula khungu. Enanso ankati wa magalasi uja tepi anaiwotcha ku Lilongwe, koma 2 koloko iliyonse m'nyumba mwake munkalira belu, nyumba yopanda belu, mpaka anayamba kugona m'mabasi. Za amene ananeneza pa bawo paja, mpaka lero aliyense ali ndi dzina lake m'thumba, ndipo palibe amalitulutsa.

Tsiku lina ndikusimba zimenezi, Mayeso, mkamwini wa mchemwali wanga, uja amakonza mafoni pamsika n'kumadziona ngati anapanga ndege, anandidula pakamwa. Akuti, “Koma amalume, tepi inalibe mawu, Che Saidi anamwalira osauza munthu, mmisiri anathawa. Nanga zimene zinalankhulidwa pachitseko 2 koloko ya usiku inu munazimva muli pati? Ndipo kuseri kwa kanyumba ka mlonda nthawi ngati imeneyo munkafunako chiyani?”

Zamkutu! Ana a masiku ano mafunso ngati apolisi. Makutu angawa amamva nsomba ikutsokomola ku Chipoka ine ndili pakhonde. Munthu wosadziwa kusiyanitsa chambo ndi chisawasawa angandifunse ine kumene ndinaima? Akakonze mafoni.